Kodi muwawani umachizadi malungo ndi HIV?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Sharpevale m'boma la Ntcheu. Amayi anga sasowa makungwa a muwawani m'khitchini mwawo. Wina akadwala m'mimba, malungo, ngakhale kukodza magazi, amawiritsa n'kumumwetsa, ndipo ambiri timachiradi. Tsopano achimwene anga, amene akhala akumwa ma ARV kwa zaka zingapo, anauzidwa ndi wogulitsa zitsamba pa msika kuti azungu anayeza muwawani n'kupeza kuti umapha kachilombo ka HIV, ndiye akuganiza zosiya mapiritsi. Kodi ndi zoona? Nanga ana anga ndizipitiriza kuwamwetsa akatentha thupi?

Mayi wa ku Sharpevale

Yankho

Mayi, mwachita bwino kufunsa achimwene anu asanasiye mankhwala. Zinthu ziwiri ndinenerethu. Achimwene anuwo asadumphitse ma ARV ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mwana akatentha thupi, mupite naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, mphika wa muwawani usanafike pamoto. Komabe wogulitsa uja sananame zonse, ndipo amayi anu akudziwa chimene akuchita pa zinthu zingapo. Muwawani uli ndi mphamvu zenizeni ndipo akatswiri anauyezadi. Nkhani yagona pa chimene anayezacho, chifukwa ndi chosiyana kwambiri ndi madzi owawa amene timathira m'kapu kunyumba.

Akatswiri a zomera amaulemba mtengowu kuti Cassia abbreviata, dzina limene Daniel Oliver wa ku Kew, malo ofufuzira zomera ku England, anaupatsa mu 1871. Umamera kuyambira ku Somalia ndi Kenya kutsika mpaka kumpoto kwa South Africa. Umakonda malo otentha, m'nkhalango zosathithikana, kawirikawiri pa chulu kapena m'mbali mwa mtsinje, n'chifukwa chake inu a m'chigwa cha Bwanje, Kasinje, Golomoti ndi Mtakataka mumauona kwambiri kuposa anzanu a kumtunda kozizira ku Tsangano, Lizulu kapena Bembeke. Cha mu Seputembala ndi Okutobala umachita maluwa achikasu onunkhira, masamba asanaphukire bwino, kenako umalendewera nyemba zazitali zobulungira, zina zofika masentimita 80 kapena 90. Keshya wa milimo ndi keshya wa maluwa, amene tinadzala m'masukulu ndi m'mbali mwa misewu, nawonso amachita maluwa achikasu, koma ndi mitengo yochokera kunja ndipo nyemba zawo ndi zazifupi.

Pa mphasa ya pa msika palibe maluwa kapena nyemba. Pali tizidutswa ta makungwa ouma, mwinanso ufa wa m'botolo wopanda chizindikiro chilichonse. Makungwa a mitengo yambiri akauma amafanana, ndipo m'nkhalango zathu zomwezi muli mwavi, umene khungwa lake limaimitsa mtima. Pa mfundo iyi amayi anu, amene amadziwa mtengo umene anasendako, ali pabwino kuposa munthu wogula.

M'makungwa ndi m'mizu ya muwawani muli magulu awiri a mankhwala amene amafotokoza zambiri zimene mumaona kunyumba. Gulu loyamba ndi ma anthraquinone, monga emodin, chrysophanol ndi physcion. Awa amatakasa matumbo aakulu n'kuchititsa kuti madzi achuluke m'chimbudzi. Mapiritsi a senna amene timapereka m'mafamase kwa munthu wodzimbidwa amachokera ku chomera chachibale cha muwawani, ndipo amagwira ntchito mwa njira yomweyi pakatha maola 6 mpaka 12. Gulu lachiwiri ndi ma tannin ndi anzake otchedwa flavan, omwe amaumitsa m'kamwa mukamwa. Awa amachita zosiyana ndi oyamba aja: amamanga m'mimba, amaumitsa chilonda, ndipo amalepheretsa mabakiteriya ena kuswana. Apa ndi pamene pamachokera zimene zimadabwitsa anthu, zoti mtengo umodzi asing'anga amaupereka kwa wotsekula m'mimba ndi kwa wodzimbidwa yemwe. Chimene chipambane pa ziwirizi chimadalira mbali ya mtengo imene mwatenga, msinkhu wa mtengowo, nyengo imene mwasenda, kuchuluka kwa madzi ndi nthawi imene mphika unakhala pamoto. Kapu ya lero ndi kapu ya mawa, za mayi mmodzi yemweyo, zikhoza kusiyana mphamvu kwambiri. Mu ntchito yanga ya mankhwala chinthu choyamba chimene timafunsa ndi mlingo, ndipo muwawani ulibe mlingo umene unatsimikiziridwa pa anthu. N'chifukwa chake simundimva ndikunena kuti mwana amwe masupuni akutiakuti.

Tsopano malungo, pamene ndikufuna tichedwepo pang'ono.

Mbiri ya muwawani pa malungo ndi yakale ndipo si ya kwathu kokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dokotala wina, O'Sullivan Beare, ataona anthu a kum'mawa kwa Africa akumwa mizu yake pa malungo aja okodzetsa mkodzo wakuda, anauza madokotala anzake, mpaka mtundu umodzi wa muwawani unatenga dzina lake, beareana. Mu 1996 panatuluka kafukufuku wa zomera za kuno ku Malawi. Ofufuzawo anayamba afunsa asing'anga kuti ndi mitengo iti imene amachizira malungo, ndipo muwawani unali umodzi mwa iwiri yotchulidwa kwambiri. Anatenga mizu ndi masamba a muwawani, a mtengo wina wachibale wotchedwa Senna petersiana, ndi a mtowo, n'kuziyesa pa tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum, ta mtundu wosamva mankhwala angapo, towetedwa mu labotale. Mtowo unaonetsa mphamvu yochepa. Muwawani unaonetsa mphamvu yaikulu: mlingo wosafika mamayikulogalamu 3 pa mililita imodzi unakwanira kuchepetsa kuswana kwa tizilomboto ndi theka. Kwa munthu wa ntchito yathu, imeneyi ndi nkhani yosangalatsa, ndipo imapereka ulemu kwa asing'anga amene analoza mtengowu.

Koma mphamvu yaikuluyo inapezeka mu zimene anasungunula ndi mankhwala a mu labotale, a mtundu wa spiriti. Zinthu zina sizisungunuka m'madzi. Girisi wa njinga akakupakani m'manja, madzi okha samuchotsa, koma palafini amamuchotsa nthawi yomweyo. Mphika wa amayi anu ndi wa madzi, choncho umatulutsa kwambiri zowawa ndi zoumitsa m'kamwa zija, pamene zina zimene zinalimbana ndi tizilombo mu labotale zikhoza kutsalira m'khungwa lomwe mumataya kudzala. Ndipo ngakhale zitatuluka, ziyenera kupulumuka asidi wa m'chifu, kulowa m'magazi, kudutsa m'chiwindi chimene ntchito yake ndi kuphwanya zachilendo, n'kukhala m'magazimo zochuluka mokwanira kwa masiku angapo. Mankhwala a mu LA amapha tizilombo tomweti pa mlingo wochepa kuposa pamenepo maulendo mazanamazana.

LA yemweyo anachokera ku chitsamba. Mbali yake imodzi, artemether, imapangidwa kuchokera ku artemisinin, amene amapezeka m'chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Gulu la mayi Tu Youyou linafufuza njira zoposa 2,000 za mankhwala a makolo awo. Chomerachi poyamba chinkapereka zotsatira zosadalirika, mpaka mu 1971 pamene anazindikira kuti kuwiritsa kumawononga mphamvu yake, nayamba kusungunula popanda moto wambiri. Mu 1972 anapatula mankhwala enieniwo, mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel, ndipo ife kuno LA tinayamba kumulandira m'zipatala mu 2007, titasiya Fansidar amene analowa m'malo mwa chloroquine mu 1993. Zaka 35 kuchokera mu labotale kufika pa windo la chipatala cha kwanu. Kwinini nayenso anapatulidwa ku khungwa la mtengo wa cinchona mu 1820. Choncho pamene ndikuti mwana apite kuchipatala sindikunyoza mitengo ayi. Ndikuti alandire mtengo umene unamaliza ulendo wonse, umene tikudziwa kuti mwana wa makilogalamu 12 amwe mapiritsi angati.

Mwanena kuti ambiri mumachiradi, ndipo ndikukhulupirira. Kutentha thupi kwambiri kumene timakutcha malungo sikukhala malungo. Ndi chimfine kapena matenda ena a mavayirasi amene amatha okha pa masiku atatu kapena anayi, munthu amwe khungwa kapena asamwe. Munthu wamkulu amene wakulira m'chigwa cha Bwanje walumidwa ndi udzudzu kuyambira ali khanda, thupi lake linaphunzira kulimbana ndi malungo, ndipo nthawi zambiri limawagonjetsa kapena kuwagoneka pansi. Malungo enieniwo amabwera n'kumapita: lero thupi latentha, mawa lazizira, ndipo amene anamwa muwawani dzulo amati wachira. Mwana wosafika zaka 5 chitetezo chimenecho alibe. Kwa iye malungo akhoza kufika ku ubongo kapena kumumaliza magazi pa tsiku limodzi kapena awiri. Ndaonapo ana akufika kuchipatala m'manja mutayera, mayi akufotokoza kuti thupi linayamba kutentha Lolemba koma Lachiwiri linazizira atamwa mankhwala a kunyumba. Zimandipweteka chifukwa mayi wotere amakhala kuti sanagone, anayesetsa ndi mtima wonse, koma masiku awiri ofunika kwambiri anathera pa mphika.

Kuyeza magazi a pa chala kumatenga mphindi 15 mpaka 20, ndipo alangizi a zaumoyo amayeza ana aang'ono m'zipatala za m'midzi. Akapezeka ndi malungo, LA amamwedwa maulendo 6 pa masiku 3, ndipo amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka wa m'mawere. Amalize onse ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Musaphatikize ndi muwawani, chifukwa mwana akatsekula m'mimba mankhwala amadutsa asanalowe m'magazi. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akukana kuyamwa, akupuma mobanika kapena wafooka mosatha kukhala tsonga, ameneyo ndi wa jekeseni ya artesunate, ndipo muthamange naye ngakhale usiku.

Za kukodza magazi ndidutsepo msanga. Kwanuko, ndi minda ya mpunga ndi madambo aja, nthawi zambiri ndi likodzo. Nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kwa zaka, ndipo magazi amaoneka masiku ena, masiku ena osaoneka. Zimene zimazipha ndi praziquantel, mapiritsi aja amaperekedwa m'masukulu poyeza msinkhu wa mwana, omwedwa tsiku limodzi. Dziwaninso kuti ma anthraquinone amatha kusintha mtundu wa mkodzo kukhala wofiirira, zimene zingakusokonezeni. Chimodzimodzi matenda opatsirana pogonana, amene abambo ambiri amathamangira nawo ku muwawani chifukwa cha manyazi. Chilonda choyamba cha chindoko chimapola chokha pa milungu 3 mpaka 6, matendawo n'kulowa mkati, kumene angadzaphe mwana ali m'mimba. Chinzonono chikhoza kuleka kutulutsa mafinya koma n'kutseka njira ya mazira ya mayi. Zonsezi zimachizika kuchipatala, mwamuna ndi mkazi pamodzi.

Tifike kwa achimwene anu. Zimene wogulitsa uja anamva zili ndi gwero lake. Mu 2012 akatswiri a ku Botswana anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti zosungunula ku mizu ya muwawani zinachepetsa kuswana kwa HIV, wa mtundu C umene ndi wofalanso kuno, m'maselo a magazi osungidwa mu labotale. Mu 2021 gulu la ku Luxembourg linapatula mankhwala angapo mu mtengowu, kuphatikizapo piceatannol ndi ena atsopano amene anawatcha cassiabrevone, n'kuonetsa kuti amalepheretsa kachilombo kulowa mu selo. Zonsezi zinachitikira m'timbale ta mu labotale. Palibe kafukufuku wa pa anthu amene wasonyeza kuti kumwa muwawani kumatsitsa kachilombo m'magazi, ndipo za kukachotseratu m'thupi ndiye palibe ngakhale pang'ono. HIV amalemba mbewu yake mkati mwa maselo ena amene amagona kwa zaka zambiri osadzuka. Mankhwala oletsa kachilombo kulowa mu selo sakhudza kamene kali kale mkati. Ndi chifukwa chomwechi ma ARV, ngakhale ali amphamvu chotere, amamwedwa moyo wonse.

Achimwene anu akasiya, milungu yoyamba adzamva bwino, mwinanso bwino kuposa kale, ndipo wogulitsa uja adzati mwaona. Koma pakatha milungu yochepa kachilombo kamayambanso kuchuluka m'magazi mwakachetechete. Alamu anu amakhala pa chiopsezo chotenga, chitetezo chimatsika pang'onopang'ono, ndipo chimene chimadzaonekera ndi chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi. Kusiyasiya n'kumayambiranso kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala. Dziko lino linadutsamo kale mu zimenezi. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe, umene ankati umachiza Edzi, wopangidwa kuchokera ku khungwa la mtengo, ndipo maliro sanaleke. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Amene anamwa mchape nthawi imeneyo analibe pogwira pena. Achimwene anu ali napo, ndipo pakuwasunga.

Mwina anganene kuti chabwino, ndizimwa zonse ziwiri. Apanso ndikuwaletsa. Kafukufuku wa mu 2016 wa ku University of Cape Town anaonetsa mu labotale kuti zosungunula ku muwawani zimafooketsa ena mwa ma enzyme a m'chiwindi otchedwa cytochrome P450, amene amaphwanya mankhwala ambiri a kuchipatala. Zimenezi zikachitika m'thupi, mankhwala ena amaunjikana kuposa mlingo wake. Kuwonjezera apo, piritsi limodzi la tsiku ndi tsiku limene ambiri akumwa kuyambira 2019 lili ndi tenofovir, amene amafuna impso zabwino, ndipo munthu wotsekula m'mimba pafupipafupi amataya madzi ndi mchere wa potaziyamu, impso n'kumavutika. Chenjezo lomweli ndi la amene akumwa mankhwala a TB, a BP, a shuga, a mtima kapena a khunyu.

Mukamalankhula nawo, musayambe ndi kuwadzudzula. Afunseni chimene chawatopetsa. Munthu amene wamwa mapiritsi zaka zambiri safuna kusiya popanda chifukwa: mwina ndi ndalama za kabaza wopita kuchipatala, mwina sakugona bwino, mwina atopa ndi maso a anthu pa mzere. Zambiri mwa izi zili ndi njira yake. Amene kachilombo kawo kagona amapatsidwa mankhwala a miyezi ingapo, ngakhale 6, pa ulendo umodzi. Apemphe kuyezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kuti aone ndi maso awo ntchito imene mapiritsi akugwira. Ngati ayamba kale kudumphitsa kapena kumwa muwawani, akanene momasuka kwa adokotala, atatenga kachidutswa ka khungwalo kapena botolo lake. Ife azaumoyo tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi, chifukwa tikamakalipira wodwala aliyense wotchula sing'anga, amangophunzira kutibisira.

Kwa mayi woyembekezera muwawani ayi, ndipo apa sindisiya mpata. M'madera ena a Africa mizu yake inalembedwa pakati pa mankhwala ochotsera mimba, ndipo chilichonse chotakasa matumbo mwamphamvu chotere si cha munthu wapakati. Ma tannin aja amagwiranso ayironi m'matumbo, choncho mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo sagwira bwino ntchito. Woyamwitsa naye apewe. Mwana wotsekula m'mimba amafuna Thanzi ORS ndi zinki, osati chinthu chimene chingawonjezere kutsekulako.

Nanga amayi anu atayiretu makungwa awo? Sindikutero. Kwa munthu wamkulu amene si woyembekezera, sakumwa mankhwala ena, alibe vuto la chiwindi kapena impso, ndipo wangodzimbidwa kapena m'mimba mwangosokonekera popanda kutentha thupi kapena magazi, zimene amayi anu amachita zikugwirizana ndi zimene zili mu khungwalo. Chikhale chosungunuka, cha tsiku limodzi kapena awiri. Chizolowezi chomwa m'mawa uliwonse poti "kutsuka m'thupi" ndicho ndimadana nacho, chifukwa matumbo ozolowera kutakasidwa amachita ulesi, ndipo potaziyamu akatsika miyendo imalefuka, mtima n'kumagunda mosalongosoka. Amene wamwa n'kuyamba kusanza kosalekeza, maso kuchita chikasu, kapena mkodzo kuchepa, asiye ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. M'mimba mopweteka kwambiri mbali imodzi, kapena molimba gwa, musamwetsemo chotsekula chilichonse. Pamafunika dokotala aone ngati si za opaleshoni.

Tsogolo la mtengowu pa zamankhwala ine ndimaliona, ngakhale si kumene msika ukuloza. Chapafupi kwambiri ndi mankhwala a pakhungu ndi a m'kamwa, otsukira chilonda kapena ochukuchira nkhama zotupa, chifukwa pamenepo ma tannin amafika pa malo ovuta mwachindunji popanda kudutsa m'chiwindi. Za malungo ndi HIV, phindu lake likhoza kukhala mankhwala amodzi opatulidwa, amene akatswiri angawasinthe kuti akhale amphamvu ndi osavulaza, monga zinachitikira ndi artemether. Ntchito yoyambirira siyofuna makina odula kwambiri. Pamafunika kutolera makungwa a ku Golomoti, ku Kasinje ndi madera ena, a nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe, kutsimikiza mtengo wake ku National Herbarium ku Zomba, kuphika monga momwe amayi anu amaphikira, n'kuyeza zimene zilidi m'kapumo ndi zimene zimachita ku chiwindi ndi impso. Tili ndi Kamuzu University of Health Sciences, tili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ndipo tili ndi asing'anga amene akudziwa mitengo kuposa aliyense wa ife ovala zoyera. Ndimalakalaka atakhala pa mphasa imodzi kawirikawiri.

Ndimalakalaka choncho chifukwa cha zimene zinachitika ndi kombe. John Kirk, amene anali pa ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi, anaona a Mang'anja a kumunsi kwa Shire akupaka mivi yawo ulembe wa mbewu za chomerachi. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza mbewuzo, ndipo pofika 1885 strophanthin, mankhwala ochokera ku mbewuzo, analowa m'gulu la mankhwala a mtima ku Ulaya. Mbewu zinkachoka kuno, mankhwala n'kumapangidwira kunja, phindu lalikulu n'kutsala komweko. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene Malawi ali nawo, limati eni nzeru ndi eni zomera azigawana nawo phindu. Koma pangano limathandiza dziko limene lalemba nzeru zakezo ndipo mitengo yake ikadalipo.

Apa pali pempho langa kwa amayi anu ndi onse osenda makungwa. Muwawani umafunidwa mizu ndi khungwa, mbali ziwiri zimene mtengo sungakhale popanda izo, ndipo pafupi ndi midzi yambiri mitengo yotsala ndi ya zipsera zokhazokha. Chakudya cha mtengo chimatsika kuchokera ku masamba kupita ku mizu kudzera mkati mwa khungwa, choncho mukasenda mozungulira thunthu lonse mtengowo umauma ngakhale uoneke wobiriwira miyezi ingapo. Sendani kachigamba kakang'ono kotsika m'litali, mbali imodzi yokha, pa mtengo waukulu, kapena bwino koposa pa nthambi, ndipo musabwererepo mpaka chilondacho chitatseka. Pokumba mizu, tengani umodzi wa m'mbali, muzu wapakati muusiye, dzenje mukwirire. Nyemba zikauma n'kuda, phwanyani mutenge njere zimene sizinafumbwe, muzithire madzi otentha, zigone m'madzimo usiku umodzi, kenako mufese m'machubu akuya. Mbande zake zimatsitsa muzu wautali msanga, choncho muziwokere zikadali zazing'ono, mvula ikakhazikika, mu nyengo yodzala mitengo ya pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo. Muzitchingire mbuzi ndi moto wolusa kwa zaka zoyambirira, chifukwa muwawani sukula mothamanga ngati keshya.